Kodi kusowa mtengo wogwira ndi kumene kumachititsa munthu kukhulupirira nkhani za ziwembu?

Funso: Achimwene anga aakulu anali ndi golosale komanso minibasi, koma zonse zinagwa nthawi ya Covid-19 ndipo mpaka lero sanadzukenso. Chiyambireni pamenepo akukhulupirira chilichonse chobwera pa WhatsApp. Akuti katemera anapangidwa kuti achepetse anthu akuda, akutinso kukwera mtengo kwa zinthu kunakonzedwa ndi kagulu kachinsinsi ka anthu olemera akunja. Kale sanali otero. Mnzanga wina akuti anthu amene akuona kuti alibenso mphamvu pa moyo wawo ndi amene amakhulupirira zotere. Kodi n'zoona? Nanga ndingawathandize bwanji popanda kukangana nawo? (Mayi wa ku Zomba)

Yankho: Mayi, pepani ndi zimene zagwera banja lanu. Anzanuwo sananame, koma nkhaniyi siithera pamene iwo anaisiyira, ndipo mbali yotsalayo ndi imene ingakuthandizeni kwambiri mukamacheza ndi achimwene anu.

Akatswiri a maganizo anayamba kale kuyeza chinthu chimenechi. Mu 1966, Julian Rotter wa ku America anakonza mafunso osiyanitsa anthu amene amaona kuti zochitika pa moyo wawo zimachokera m'manja mwawo ndi amene amaona kuti zimachokera kunja, kaya ndi mwayi, tsoka kapena anthu amphamvu. Sikuti munthu amabadwira mbali imodzi n'kukafera komweko. Amene dzana ankadziwa kuti akalawirira ku Limbe kukapikula katundu, madzulo ndalama ilowa, lero atha kuona kuti ngakhale akhetse thukuta bwanji palibe chikusintha. Ofufuza akafunsa anthu ambirimbiri, mayankho amafanana m'mayiko osiyanasiyana: odziona opanda mphamvu amavomereza nkhani za ziwembu kuposa anzawo. Ted Goertzel anapeza zotere mu 1994 atafunsa anthu 348 ku New Jersey. Okhulupirira ziwembu zambiri anali amene sadalira anthu anzawo komanso amene ankaopa kuti ntchito iwathera.

Koma zinthu ziwiri zikapezeka pamodzi sindiye kuti china chabala chinzake. Kuti adziwe chimene chimayamba, Jennifer Whitson ndi Adam Galinsky anachita kuwalanda anthu mphamvu mwadala, kwa kanthawi kochepa, ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 2008 m'magazini ya Science. Ena anawapatsa ntchito pa kompyuta, koma kompyutayo inkangoyankha kuti wakhoza kapena walakwa mwachisawawa, mosatengera zimene munthu wachita, mpaka iye kuthedwa nzeru. Ena anawauza kuti akumbukire ndi kulemba za tsiku limene zinthu zinawagwera iwo alibe chochita. Kenaka anawaonetsa zithunzi za timadontho takuda ndi toyera. Mu zina munabisika chinthu chenicheni, monga mpando kapena bwato, koma mu zina munalibe kanthu. Olandidwa mphamvu aja ankaona zinthu ngakhale m'zithunzi zopanda kanthuzo. Anawawerengetsanso kankhani ka munthu amene wamanidwa kukwezedwa pantchito, dzulo lake ataona bwana ndi mnzake wa mu ofesi akutumizirana maimelo pafupipafupi. Olandidwa mphamvu ndi amene ankafulumira kunena kuti awiriwo anamupangira chiwembu.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Mtima wa munthu supirira kuganiza kuti zinthu zikungochitika popanda woziyendetsa. Achimwene anu, poti anakhalapo ndi minibasi, angamvetse izi. Galimoto ikayamba kuyenda mokhotakhota pamtsetse, kuganiza kuti dalaivala ndi woipa mtima n'kowopsa, koma kupeza kuti pampando wa dalaivala palibe munthu n'kowopsa koposa. Woipa mtimayo mutha kumukalipira, kumuchonderera kapena kukamuneneza kupolisi. Nanga mpando wopanda munthu mungautani? Mliri ulibe nkhope, sufuna aliyense, susankha golosale ya yani. Nkhani ya chiwembu imaupatsa nkhope ndi cholinga, ndipo wogwa uja amapeza yankho la funso limene likumusowetsa tulo, lakuti zandigwera bwanji ine amene ndinkalimbikira chonchi. Mu 2008 momwemo, Aaron Kay ndi anzake anaonetsa kuti anthu akamva kuti mphamvu zawathawa amatsamira kwambiri pa boma kapena pa Mulungu woyendetsa zonse. Wina akasiya kudalira boma, mdani wobisika amalowa m'malo mwake ngati wogwira chiwongolero cha dziko.

Ku Netherlands kunachitika kafukufuku amene ine ndimamuona wofunika kuposa wa Whitson ndi Galinsky uja. Mzinda wa Amsterdam unkakumba njanji yapansi panthaka yolumikiza kumpoto ndi kumwera, ntchito imene inachedwa zaka zambiri, inadya ndalama zoposa zimene anakonza, ndipo mu 2008 inachititsa nyumba zina zakale kutitimira mpaka eni ake kusamutsidwa. Jan-Willem van Prooijen ndi Michele Acker, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2015, anafunsa anthu ngati akukhulupirira kuti akuluakulu a khonsolo ya mzindawo anachita zachinyengo mobisa pa ntchitoyi. Amene anayamba akumbutsidwa za nthawi imene zinthu zinali m'manja mwawo anakayikira khonsoloyo mocheperapo kuposa anzawo. Apa phindu silinali kungodziwa kuti kusowa mphamvu kumabweretsa chikayiko. Zinaoneka kuti kubwezera munthu mphamvu kutha kuchichepetsa.

Tsopano mbali imene anzanu aja sanaifike. Ofufuza ena atayesa kubwereza zimene Whitson ndi Galinsky anachita, nthawi zambiri sizinatuluke. Michiel van Elk ndi Paul Lodder anayesa kasanu ndi kawiri, ndipo mu 2018 analengeza kuti sanapeze umboni woti kulanda munthu mphamvu mwa njira imeneyi kumamuonetsa zinthu zimene palibe. Mu 2020, Ana Stojanov ndi Jamin Halberstadt a pa yunivesite ya Otago ku New Zealand anasonkhanitsa kafukufuku 23 wa mtundu umenewu n'kuwerengera zotsatira zake pamodzi. Kusiyana kumene anapeza pakati pa olandidwa mphamvu ndi anzawo kunali kochepa kwambiri, kosati munthu angatsamirepo. Kunkaonekerako pang'ono pokhapokha anthu akafunsidwa za chiwembu chinachake chotchulidwa, osati za ziwembu mwachisawawa. Choncho aliyense wokuuzani kuti sayansi inatsimikiza kuti munthu ukamulanda mphamvu basi ayamba kuona ziwembu, akuwonjeza.

Maganizo anga pa kusagwirizanaku ndi awa. Kuuza mwana wa ku yunivesite, wakhuta, kuti akumbukire kwa mphindi zisanu tsiku limene anasowa chochita n'kosiyana kutalitali ndi bambo kuona mashelefu a golosale yake akuuma mwezi ndi mwezi, ngongole zikumulondola, ana akubwezedwa kusukulu. Kulephera kwa kafukufuku wa m'chipinda sikufafaniza zimene zimaoneka kunja kuno. Komanso mtundu wa mphamvu imene yatayika uli ndi gawo lalikulu. Mirosław Kofta ndi anzake a ku Warsaw, Poland, anapeza mu 2020 kuti kudzimva wopanda mawu pa kayendetsedwe ka dziko ndi kumene kunkakankhira anthu ku nkhani zoti Ayuda akulamulira dziko mobisa. Mu 2022 Roland Imhoff ndi gulu lake anafunsa anthu oposa 100,000 m'mayiko 26, ndipo mtima wokhulupirira nkhani za ziwembu unali wokwera mwa otsatira zipani zimene sizili m'boma. Chimene chimapweteka kwambiri, zikuoneka, ndi kumva kuti zinthu zokhudza moyo wako zikugamulidwa kutali, ndi anthu amene sadzakufunsa ndipo sungawafikire.

Kuno kwathu nkhani ya anamapopa imaonetsa zimenezi poyera. Kumapeto kwa 2002, dziko lili pa njala yoopsa, kunabuka mphekesera m'chigawo cha kumwera yoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha mabungwe akunja. Mu Seputembala 2017 inabukanso ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, madzi osefukira a 2015 ndi chilala cha 2016 zitangodutsa, chilala chimene chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akudikira thandizo la chakudya. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa kaye antchito ake m'maboma awiri oyambawo. Ngakhale pa kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, manong'onong'o anali oti magazi akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole. Taonani amene amalozedwa chala nthawi zonse: mlendo wa galimoto, wa zipangizo zosadziwika, wolemera, wolumikizana ndi boma kapena ndi akunja. Palibe umboni woti panapezekapo wopopa magazi, ndipo ophedwawo anafa osalakwa. Koma mantha oti moyo wa wosauka ukuyamwidwa ndi anthu amene iye sangawafunse sanachokere kumwamba. Zimandiwawa anthu a m'tauni akamangoti uwu ndi umbuli wa kumudzi, chifukwa akatero sakuona chilonda chimene mphekeserayo yameramo.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi chakuti nkhanizi sizipereka chimene zimalonjeza. Karen Douglas, Robbie Sutton ndi Aleksandra Cichocka a pa yunivesite ya Kent ku England, ataunika kafukufuku wambiri mu 2017, anafika pa mfundo yoti nkhani za ziwembu zimakopa munthu wofuna kumvetsa, kutetezeka ndi kulemekezeka, koma sizimukhutitsa. Daniel Jolley ndi Douglas yemweyo anali ataonetsa mu 2014 kuti anthu amene anawerenga zoti boma la Britain linakonza imfa ya Diana, mkazi wakale wa Charles mwana wa mfumukazi ya dzikolo, ankadzimva opanda mphamvu kuposa anzawo, ndipo chidwi chawo chokavota chinkatsika. Owerenga zoti makampani akubisa kuopsa kwa katemera ankazengereza kubayitsa mwana. Ku Germany, Luisa Liekefett ndi anzake anatsatira anthu omwewo kwa milungu ndi miyezi, ndipo kukhulupirira ziwembu sikunachepetse nkhawa zawo. Mwa ena nkhawazo zinakula. Ndiye kuti zinthu ziwirizi zimadyetsana. Kugwa kwa bizinesi kunatsegula khomo, koma uthenga uliwonse wa pa WhatsApp ukuuza achimwene anu kuti mdani ndi wamkulu kwambiri, ali paliponse, ndipo kuyambiranso n'kutaya nthawi. Wouzidwa zimenezi m'mawa uliwonse manja amangoti lende.

Mukamacheza nawo musayambe ndi kunena kuti ziwembu kulibe, chifukwa mudzakhala mukunama ndipo iwo akudziwa. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Mu Meyi 1983 boma linalengeza kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994 inapeza kuti anachita kuphedwa ndipo ngoziyo inali yongokonza. Cashgate ya 2013 inali chiwembu chenicheni cha anthu a m'maofesi a boma ndi amalonda. Ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972 achipatala a boma anasiya amuna akuda mazanamazana odwala chindoko osawapatsa mankhwala, ngakhale penisilini atapezeka, kuti aone mmene matendawo amawonongera thupi. Munthu wakuda wokayikira zamankhwala zochokera kunja ali ndi mbiri imene akuikumbukira. Koma onani mmene ziwembu zoonazi zinaululikira: panali mayina, masiku, mboni, macheke, ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto, wantchito wam'kati amene anakauza mtolankhani. Zinali za anthu owerengeka, pa chinthu chimodzi, ndipo zinkatheka kuzifufuza n'kuzipeza zoona kapena zabodza. Za pa WhatsApp zimangoti "iwo", dzina palibe, ndipo umboni ukasowa amati kusowako ndiye umboni woti abisa.

Pa za kukwera mtengo kwa zinthu, agwirizaneni nawo pamene akunena zoona. Ndi zoona kuti zigamulo zimene zinadya mpamba wawo zinapangidwa iwo osafunsidwa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masiku ochepa bungwe la IMF lisanavomereze ngongole ya dziko lino. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine imene inayamba mu Febuluwale 2022 inakweza mtengo wa feteleza, mafuta ndi tirigu. Koma zonsezi sizinali zachinsinsi. Reserve Bank of Malawi inalengeza poyera, manyuzipepala analemba, aphungu anakangana. Kusiyanaku sikwapang'ono kwa munthu wosowa pogwira. Chigamulo chapoyera chili ndi mwini wake amene mungamufunse, kumutsutsa pa wailesi kapena kumukana pa chisankho. Kagulu kosaoneka simungakatani. Kuwachotsa achimwene anu pa mdani wopanda dzina n'kuwafikitsa pa chifukwa chenicheni sikuwalanda mkwiyo wawo; kukuupatsa pofikira.

Pa za katemera, musakhulupirire zoti munthu wotere samva umboni. Mu 2024 Thomas Costello, Gordon Pennycook ndi David Rand anapempha anthu 2,190 a ku America kuti aliyense afotokoze chiwembu chimene amakhulupirira ndi umboni umene umamukhutiritsa, kenaka anacheza mwachidule ndi pulogalamu ya pa kompyuta imene inkayankha umboni womwewo mwaulemu, mfundo ndi mfundo. Chikhulupiriro chawo chinatsika ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo patatha miyezi iwiri chinali chisanabwerere. Ndiye afunseni achimwene anu chinthu chenicheni chimene chinawatsimikizira, mumvetsere mpaka amalize, ndipo muyankhe chimenecho chokha. Mutha kuwafunsa mofatsa kuti, ngati katemera anapangidwira kupha anthu akuda, bwanji mayiko olemera anayamba kubaya nkhalamba zawo ndi madokotala awo n'kudziunjikira wambiri, pamene Malawi analandira katemera 360,000 woyamba mu Malichi 2021, miyezi itatu Britain atayamba kale? Musabise kuti katemera wa AstraZeneca anapezeka kuti, mwa anthu ochepa kwambiri, amayambitsa kuundana kwa magazi. Amene anazindikira ndi kulengeza zimenezi mu 2021 ndi mabungwe oyang'anira mankhwala a ku Europe omwewo amene nkhani za ziwembuzo zimati akubisa. Izi muchite muli awiri, osati pa gulu la banja la pa WhatsApp pamene azilongo ndi azilamu akuonerera. Mwamuna wamkulu amene wataya kale chuma sangalole kutayanso ulemu pamaso pa ang'ono ake, ndipo mukamukanikiza pagulu adzaumirira ngakhale mumtima akukayika.

Ntchito yaikulu koposa ili kunja kwa mtsutso. Pabanja munthu akagwa, achibale mwachikondi amamulanda chilichonse: amamulipirira lendi osamufunsa, amakambirana za ana ake iye kulibe, pa maliro ndi pa chinkhoswe salandiranso udindo. Thandizo lotere limatsimikizira chimene mtima wake ukumuuza kale, kuti salinso kanthu. Bwezerani zinthu m'manja mwawo. Munthu amene anayendetsa golosale amadziwa kopikula, amadziwa kuwerengera phindu. Mufunseni nzeru pa geni yanu ndipo mukazitsatira mumuuze zimene zatuluka. Ngati banja lingasonkhe kampamba, ngakhale kochepa, asankhe okha chochita nako, inu osawalondalonda. Banki mkhonde, chipereganyu, komiti ya sukulu kapena ya kutchalitchi, dimba la tomato, zonsezi ndi malo amene munthu amaona ndi maso ake kuti ndachita ichi ndipo chabala ichi. Whitson ndi Galinsky aja anapeza kuti anthu akapatsidwa mpata woganizira zinthu zimene amaziona zamtengo wapatali pa moyo wawo, chizolowezi choona ziwembu chinkachepa. Musayembekeze kuti nkhanizi zitha mwezi umodzi. Nthawi zambiri munthu salengeza kuti ndasiya, amangoyamba kuzitchula mwa apo ndi apo chifukwa tsiku lake ladzaza ndi zina.

Pali zizindikiro ziwiri zimene sizifuna kudikira. Choyamba ndi matenda a kukhumudwa, amene mwa abambo amabisala mu ukali, mowa, kusagona ndi kudzipatula. Apolisi kuno akhala akunena kuti ambiri odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi kugwa kwa chuma zimatchulidwa kawirikawiri. Achimwene anu akayamba kunena kuti ndi mtolo kwa inu kapena kuti bola kufa, afunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika ganizolo mumtima mwawo. Musawasiye okha, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi pamene chiwembu chasiya kukhala cha dziko lonse n'kukhala cholunjika kwa iwo eni: akuti aneba akuwatchera, foni yawo ikuwamvetsera iwo okha, chakudya chanu mwathiramo mankhwala, kapena akumva mawu amene ena sakuwamva. Amenewo atha kukhala matenda a maganizo ofunika dokotala, osati mtsutso. Inu muli pafupi ndi Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Pomaliza, ngati achimwene anu ali ndi ana aang'ono, katemera wa anawo musamuike pa ndandanda wa zokambirana pang'onopang'ono. Poliyo anapezekanso mwa mwana wa ku Lilongwe mu Febuluwale 2022 patatha zaka 30 asanaoneke m'dziko muno, ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700. Khalani pansi ndi alamu anu, onani makadi a kusikelo ngati ali odzaza, ndipo ngati bambo akuletsa, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena mkulu wa pabanja amene iwo amamumvera kuti abwere adzayankhule nawo pakhomo.